Mwana wanga wasankhidwa kupita ku Netherlands ndi sukulu, ndigulitse ng'ombe?

Funso: Ine ndimalima mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuphunzira zaulimi. Wandiimbira kuti iye ndi anzake 11 asankhidwa kupita ku Netherlands mwezi wa Juni, kwa masabata atatu, kukaona za mbewu ya mbatata, ndipo akufuna ndalama za pasipoti ndi zina. Amalume ake akuti zimenezi ndi zija zogulitsa atsikana kunja. Anansi ena akuti ndigulitse ng'ombe, akakafika asabwerenso, azititumizira ndalama. Ine mutu waima. Nachisale, Tsangano, Ntcheu.

Yankho: Mayi Nachisale, ng'ombeyo ikhale kaye m'khola. Tisanafike pa ndalama pali zoti mutsimikize, ndipo zimenezo zingofuna mayunitsi a foni ndi tsiku limodzi losiya khasu.

Ine kwathu ndi ku Bembeke. Ndaphunzitsa pa yunivesite zaka zoposa 15, ndipo ndaperekezapo ophunzira pa maulendo otere kanayi. Zimene ndikuuzeni pano ndi zomwe ndimauza makolo akandipeza mu ofesi atanyamula nkhawa ngati yanuyi.

Amalume ake musawaseke. Galu wamkota sakandira pachabe. Amayi ambiri a kuno kwathu anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali pa ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atawalanda. Mu 2024 kunamvekanso za atsikana a m'mayiko angapo a mu Africa amene anakopedwa pa intaneti kuti akaphunzira uku akugwira ntchito ku Alabuga, m'dziko la Russia, koma atafika anawaika m'fakitale yopanga madroni a nkhondo. Nyambo yake inali mawu omwewa akuti maphunziro. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, koma lamulo nthawi zambiri limafika mwana atapita kale.

Ndiye mungasiyanitse bwanji? Ulendo weniweni wa yunivesite umasiya mapazi m'maofesi. Pamakhala kalata yochokera kwa mkulu wa dipatimenti kapena kwa rejistira, ya chidindo cha sukulu, yotchula dzina la mwana wanu. Pamakhala kalata ina yochokera ku sukulu yowaitana kunjako, yonena tsiku lofika, tsiku lobwerera, kokagona, ndi amene akulipira chakuti ndi chakuti. Pamakhala aphunzitsi owaperekeza, anthu a mayina ndi maofesi, oti mutha kuwaimbira kapena kukawaona maso ndi maso. Muuzeni mwanayo akutumizireni zithunzi za makalatawa pa WhatsApp, munthu wodziwa Chingerezi akuwerengereni. Kenaka imbani ku yunivesiteko, osati pa nambala imene yalembedwa pa kalatayo ayi, koma pa nambala imene mwaipeza nokha. Kalata yabodza imabwera ndi nambala yake yabodza. Mukatha, kwerani minibasi ndi amalumewo mukafike. Palibe mphunzitsi woona amene angakwiye chifukwa kholo labwera kudzafunsa. Ine ndimachita kusangalala, chifukwa mwana amene kwawo akudziwa bwino za ulendo wake savuta panjira.

Zabodza nazo zimadziwika ndi kayendedwe kake. Amakuthamangitsani kuti mulipire lero, mawa malo atha. Ndalama akuti mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, m'malo mwa akaunti ya sukulu yopereka lisiti. Amauza mwana kuti asauze anthu ambiri. Amasakaniza maphunziro ndi malonjezo a ntchito ya malipiro onona. Mukaona chimodzi mwa izi, amalume apambana mlandu, ndipo mukanene ku polisi kuti ana a anzanu asagwemo.

Tiyeni tinene kuti mwafunsa ndipo zonse zili m'malo. Funso lotsatira ndi lakuti ndani akulipira chiyani, ndipo yankho lake likhale lolembedwa. Maulendo ambiri a ophunzira athu opita ku Ulaya amalipiridwa ndi mgwirizano wa masukulu awiri, kudzera m'mapologalamu monga Erasmus+ ya European Union kapena ndalama za pulojekiti ya kafukufuku. Zikatero tikiti ya ndege, malo ogona, chakudya ndi inshulansi sizikhala zanu. Zanu zimakhala pasipoti, zithunzi, thiransipoti yopita ku Lilongwe kangapo, jekete, ndi kandalama ka m'thumba. Zimenezi ndi za matumba angapo a mbatata pa Lizulu, si za ng'ombe. Koma akanena kuti tikiti mugule nokha, apo ndikuuzani mosabisa: masabata atatu sangafanane ndi ng'ombe imene imakoka ngolo yanu ndi kukupatsani manyowa chaka ndi chaka. Funsani ngati ulendowo uli ndi malikisi ofunika pa digiri yake. Ngati ulibe, digiri aipezabe osakwera ndege, ndipo mwayi wina udzabwera iye ali ndi pepala m'manja.

Pasipoti ayambe lero. Imafuna chiphaso cha unzika cha NRB, ndipo a Immigration ku Lilongwe ndi amene muli nawo pafupi. Mukukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo makina atasokonezedwa, anthu maulendo awo n'kufera m'mazira. Chinthu chaching'ono chimene chagwetsa ambiri ndi kalembedwe ka dzina. Ndinali ndi wophunzira amene dzina lake pa chiphaso linali ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi la m'kaundula wa sukulu. Kalata yomuitana inatsata kaundula, pasipoti inatsata chiphaso, ndipo tinatha masabata awiri tikukonza chilembo chimodzicho. Dzina likhale limodzi pa chiphaso, pa pasipoti, pa kalata ndi pa tikiti. A dobadoba oima panja pa maofesi awapewe.

Mmalawi amalowa ku Zambia, Mozambique kapena South Africa kukacheza popanda visa, koma ku Netherlands ayi. Dzikoli lili m'gulu la mayiko 29 a ku Ulaya lotchedwa Schengen, ndipo visa yake ili ndi malamulo ofanana konse. Munthu angapemphe miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo asachedwe kufika masiku 15 omaliza. Yankho limatuluka kawirikawiri m'masiku 15, koma litha kutenga mpaka 45. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba awiri opanda kanthu, komanso ikhale yogwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera. Pamafunika inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Musadzidzimuke, imeneyo si ndalama yolipira inu, ndi mlingo umene kampani ya inshulansi ikulonjeza kulipira mwana akadwala. Mtengo wa visa unakwera kufika mayuro 90 mu Juni 2024, koma ophunzira opita pa ulendo wa maphunziro, pamodzi ndi aphunzitsi owaperekeza, lamulo limawachotsera ndalama imeneyi, ngakhale ofesi yolandira mafomu itha kulipiritsa yake. Wina akadzakuuzani kuti mupereke mayuro 90 kwa iye, mufunse bwino. Mwanayo ayenera kukaonekera yekha kukadinda zala, ndipo poti mayiko ena a ku Ulaya alibe kazembe ku Lilongwe, mapepala amatha kudutsira ku ofesi ya dziko lina, n'chifukwa chake kuchedwa n'koopsa. Popeza wapitirira zaka 18, siginecha yanu safuna. Chimene iye akufuna kwa inu ndi chilolezo cha pamtima.

Za ndalama zakunja mukuzidziwa kale poona mtengo wa feteleza. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola ndi mayuro m'mabanki amasowa. Apite ku banki kapena ku bureau yovomerezeka msanga, atatenga pasipoti, visa ndi tikiti, ndipo lisiti asunge. Ndikudziwa kuti inu a m'malire munazolowera kusintha makwacha ndi mametikashi pansi pa mtengo, koma yuro mwanayo sanaigwirepo, yabodza sangaizindikire. Apemphe mapepala ang'onoang'ono a 10 ndi 20, chifukwa masitolo ambiri kumeneko amakana mapepala akuluakulu, ena amangolandira khadi basi.

Pa zaumoyo, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malungo. Munthu amatha kunyamuka ali bwinobwino, tizilombo tili m'magazi, n'kukadwala patatha sabata. Dokotala wa ku Ulaya akaona munthu watentha thupi amayamba waganiza chimfine, chifukwa malungo sawaona kawirikawiri. Akayezetse asananyamuke, ndipo akakangomva mutu ndi kuphwanya m'thupi auze aphunzitsi ake tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti wachokera ku Malawi, amuyeze malungo. Ngati pali mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, atenge okwanira, m'mabotolo ake enieni, m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Ndege zochoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimadzera ku Nairobi, Addis Ababa kapena Johannesburg. Akadzakhala maola oposa 12 pa bwalo la Nairobi kapena Addis Ababa atha kufunsidwa khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 khadi lake ndi la moyo wonse.

Ndikudziwa kuti mudzafuna kumulongedzera kamba. Nyama yowamba, mkaka ndi mbatata zisiyeni, saloledwa kulowa nazo ku Ulaya, ndipo akamugwira nazo amulanda, mwinanso kumulipitsa. Botolo la tsabola losatsegula m'sutukesi yaikulu limapulumutsa munthu pa chakudya chawo chozizira chija. Zamadzimadzi m'chikwama cha m'manja zisapose mamililita 100 pa botolo lililonse. Mapulagi awo ndi a mano awiri ozungulira, athu ndi a mano atatu, choncho agule adaputa. Juni kumeneko ndi nyengo yotentha, juzi imene amavala pa Tsangano mwezi womwewo ndi yokwanira, angowonjezera jekete ya mvula. Mphatso kwa owalandira isakuvuteni: chitenje, tiyi wa ku Thyolo, kapena kapu ya ku Dedza Pottery. Koma katundu wa munthu wina asanyamule, kaya ndi wa kumpingo, kaya ndi mbale wa mnzake, pokhapokha atatsegula yekha n'kuona zonse zili m'katimo. Chikapezeka choletsedwa m'chikwama, mlandu ndi wa mwini chikwama.

Pasipoti isachoke m'manja mwake. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Aijambule, kope imodzi ikhale kwa inu, ina kwa aphunzitsi, ina mu foni. Pa ulendo wina mnyamata anaiwala kachikwama m'sitima, pasipoti ili momwemo, ndipo ine ndinasiya gulu lonse masiku awiri ndikuthamanga ndi malipoti a polisi. Ku Netherlands kazembe wathu amene angathandize zotere amakhala ku Brussels, m'dziko loyandikana nalo la Belgium. Nambala ya ngozi ku Ulaya konse ndi 112.

Zina ndi zoseketsa koma zimapweteka. Magalimoto amayenda kumanja, ndiye podutsa msewu ayambe wayang'ana kumanzere. Tinjira tofiira ta m'mbali mwa msewu ndi ta njinga, ndipo njinga zake ndi zambiri ngati za kabaza pa depoti, koma siziima. Sitima ya 8:12 imanyamuka 8:12. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ana amagona mochedwa n'kumawodzera m'kalasi. Nthawi yawo mwezi umenewo imafanana ndi yathu, choncho mukamuimbira mutadya nsima yamadzulo nayenso adzakhala ataweruka. Sitolo yolembedwa kuti coffeeshop si ya khofi, amagulitsamo chamba, ndipo kachidutswa kake kakatsalira m'thumba mpaka pa bwalo la ndege ndi nkhani ya polisi, uko ndi kuno komwe.

Pali chinthu china chimene mudamuphunzitsa bwino koma chikamuvuta kumeneko. Mwana wa Chingoni woleredwa bwino amayang'ana pansi akulu akamalankhula, sayankha asanafunsidwe, amati zikomo ngakhale sanamve. Anthu a ku Netherlands amalankhula mosapsatira, pulofesa amaitanidwa ndi dzina lake loyamba, ndipo wophunzira wongokhala chete amamuyesa wopanda chidwi. Ndaona ana anzeru kwambiri akubwerako osafunsa funso ndi limodzi lomwe chifukwa cha ulemu. Mumuuze inu mayi ake kuti kumeneko kufunsa ndiye ulemu. Akamva kwa inu amasuka kuposa akamva kwa ife.

Tsopano za anansi aja. Malangizo awo ndi oipa, ndipo ndikunena izi ndikudziwa bwino mmene zinthu zathinira kuno. Visa imene mwana wanu apatsidwe ndi ya mlendo, ya masiku owerengeka, ndipo simulola kugwira ntchito. Tsiku lake likangodutsa amasanduka munthu wobisala: sangachite lendi nyumba m'dzina lake, sangalembedwe ntchito yooneka, amaopa chipatala, amaopa polisi ngakhale wina atamuchita chipongwe. Mtsikana wotero ndiye amagwa m'manja mwa anthu omwe aja amalume akuwaopa. Kuyambira Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kulemba zala, nkhope ndi masiku a aliyense wolowa ndi wotuluka m'makompyuta, ndipo akamugwira amamubweza n'kumutsekera mayiko onsewo pamodzi. Kuno digiri yotsala chaka chimodzi yatayika, ngongole ya ku Loans Board ngati anatenga ikumudikira. Mu 2024 Israel inabweza Amalawi amene anachoka m'minda imene anawatumiza n'kukafuna ntchito zina m'tauni, anabwera chimanjamanja.

Komanso wothawa sadzipweteka yekha. Pa ulendo wanga wachitatu, usiku womaliza, mnyamata wina anatuluka kuti akukagula madzi. Mpaka lero. Ine ndi amene ndinakaima pamaso pa otilandira kufotokoza, ndi amene ndinaimbira mayi ake, ndipo kulira kwawo sindidzakuiwala. Chaka chotsatira sukulu ija sinaitanenso ana athu. Ana khumi ndi awiri amene sanalakwe kanthu anatsekeredwa khomo ndi munthu mmodzi. Zomwezi zimatha kugwera dziko lathu lonse. Mu Ogasiti 2025 America inayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha visa yokacheza, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi kuchuluka kwa anthu osabwerera nthawi yawo itatha.

Ngati mwanayo mtima wake uli kunja, njira ilipo, ndipo ulendo womwewu ndiwo poyambira pake. Abwere pa tsiku lake, pasipoti ionetse kuti anapita n'kubwera. Amalize digiri ndi malikisi abwino. Aphunzitsi amene akakumane nawo uko ndi amene adzamulembere kalata yomuchitira umboni akamadzapempha thandizo la digiri yachiwiri, kaya ndi Erasmus Mundus, DAAD ya ku Germany, Commonwealth kapena Chevening ya ku Britain. Akadzapita choncho adzapita ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndi ufulu wobwera kudzakuonani.

Chimene chandikondweretsa m'kalata yanu ndi chakuti mwana wa mlimi wa mbatata akupita kukaona mbatata. Sakanapeza malo abwino kuposa amenewo. Netherlands ndi dziko laling'ono, silifika ndi theka lomwe la Malawi, mbali ina ili pansi pa mlingo wa nyanja, koma ndilo limatsogola pa dziko lonse pogulitsa mbewu ya mbatata kunja. Yunivesite yawo ya Wageningen ndi yotchuka pa zaulimi, ndipo m'tauni ya Emmeloord, pa nthaka imene anachita kuumitsa nyanja, muli bungwe la NAK loyeza mbewu isanagulitsidwe. Ana athu akafika amatengeka ndi mathirakitala akulu ngati nyumba, n'kujambula zithunzi zambirimbiri. Zimenezo n'zosangalatsa maso chabe, thirakitala yotero singakwere mapiri a Tsangano. Chimene ndikufuna akaone ndi chimene sichioneka pa chithunzi. Mlimi wa kumeneko sabzala mbatata iliyonse imene yatsala, amabzala mbewu yoyezedwa, ya chizindikiro chonena kumene yachokera. M'madera ambiri lamulo lawo salola kubzala mbatata pamunda womwewo koposa kamodzi pa zaka zitatu. Ife timagulitsa zikuluzikulu pa msewu n'kusunga tating'onoting'ono kuti ndiye mbewu, pamene nthawi zambiri tating'onoto tachokera ku mapesi odwala. Chaka ndi chaka Rosita ndi Violet wathu akucheperachepera, ife n'kumanamizira feteleza. Chiwawu chimene chimakuwotcherani masamba mvula ikachuluka nawonso chimawavuta, ndi matenda omwe aja anadzetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845. Akafunse mmene amadziwira tsiku lopopera mankhwala, mmene amasungira mbewu kuti iphuke bwino, ndi amene amalipira woyeza mbewu.

Asayerekeze kubisa mbatata ziwiri m'sokosi kuti adzakupatseni. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mbatata imodzi itha kubweretsa matenda amene Ntcheu ndi Dedza sanawaonepo. Mitundu yoyenera kuno imayesedwa konkuno, pa malo a kafukufuku monga a ku Bembeke kwathu, mogwirizana ndi a International Potato Center.

Asananyamuke, mumutengere kumunda. Mumuonetse chigawo chimene mbatata imafota chaka chilichonse, mumuuze mumagula kuti mbewu, mumabzala mwezi uti, thumba mumagulitsa zingati pa Lizulu nthawi yokolola ndi zingati ikasowa. Alembe zonsezo m'kope, pamodzi ndi mafunso anu atatu kapena anayi. Aphunzitsi a uko amakonda wophunzira wobwera ndi munda weniweni m'mutu, ndipo anzake 11 aja mwina palibe amene anakumbapo mbatata m'mawa wa Julaye zala zitauma ndi chisanu. Akadzabwera, lipoti la ku sukulu adzalemba m'Chingerezi, koma lanu adzapereke m'Chichewa, pa mzere womwewo pamene munamuonetsa, amalume ake ali pomwepo.